Dengu la Elube

Pano pa esiteti amanditchula munthu waukali, ndipo sinditsutsa. Ndinamenyapo kapitawo, ndinatukwanapo mlamu wanga pamaso pa mbumba yake yonse. Koma amene amandinenawo sanakhalepo pansi pa zenera la sukulu ya ana a azungu zaka zinayi monga ndinakhalira ine. Akanakhalapo, bwenzi akulusa kuposa ine.

Makolo anga anaoloka malire kuchokera kwa Apwitikizi atasenza mphasa ndi mbewu ya nandolo basi, nakhala pa malo a mzungu kuno ku Thyolo. Ine ndinabadwira m'mizere ya tiyi. Mwayi wanga unali woti ndinkaloweza mavesi msanga, ndiye a ku mishoni ananditenga. Ndinakwera makalasi anayi a Chinyanja, Sitandade 1 mpaka 6, ndi zaka ziwiri za uphunzitsi pamwamba pake. Pomaliza ndinali nditayamba kale kumeta ndevu. Kuyambira pa Boma mpaka kwa Changata, ophunzira ngati ine tinali owerengeka, ndipo ndinkayenda ngati munthu amene nzeru zonse za padziko wazimaliza.

Anandipatsa kasukulu ka pa esiteti, chisakasa chaudzu kuseri kwa fakitale. Tsiku lina ndili mkati mophunzitsa, kapitawo wina analowa osaodira n'kuyamba kuloza ana ndi kandodo: iwe, iwe, ndi iwe, tiyeni kumunda, tiyi waphuka. Ndinati adikire belu. Iye anati belu la pano ndi la fakitale. Ndinamuphwanyira sileti pamutu. M'mawa mwake ntchito inatha, ndipo bwana wamkulu analamula kuti ndisadzagwirenso choko pa malo ake.

Apo n'kuti ndili pa chikamwini. Mwini mbumba kumeneko anali a Muhiwa, achimwene ake a mkazi wanga, nawonso kapitawo wa othyola tiyi. Mwana tinali naye mmodzi, Elube, wa zaka zinayi. Tsiku lonyamuka kukafuna ntchito ku Halale ndinawauza a Muhiwa kuti, "Alamu, zina zonse chitani mmene mungafunire, koma mwana uyu apite ku sukulu." Anati, "Pitani bwino, alamu. Mwana ali kwawo." Ine mawu amenewo ndinawamva ngati lonjezo.

Tinanyamuka asanu ndi mmodzi mvula itangosiya, ulendo wapansi. Tinatsika phiri mpaka ku Chikwawa, kuoloka Shire, n'kulowa m'thengo la Apwitikizi kulunjika ku Nyungwe. Nsapato zanga zauphunzitsi ndinazikoleka m'khosi kuti zikafike ku Halale zili zatsopano. Mapazi ndiwo anang'ambika. Mkulu wina wa ku Chimaliro anatupa miyendo tisanaione Zambezi. Tinamusiya pa mudzi wina ndi kathumba ka ufa, ndipo mpaka lero abale ake akandiona amandifunsa.

Ku mgodi, kufupi ndi Gatuma, ndinaonetsa setifiketi yanga kwa mzungu wolemba anthu ntchito. Anaiyang'ana, naitembenuza, nandibwezera. Kenako anandifinya mkono monga amachitira pogula mbuzi, nati pansi. Zaka zitatu ndinakankha tingolo tamiyala pansi pa nthaka, m'madzi ofika m'mawondo, fumbi likulowa mpaka m'mano. Tsiku lina nyali zathu zinazima zokha m'ngalande ina yakuya, popanda mphepo, ndipo amuna awiri amene anali kutsogolo anagwa osadzukanso. Akuluakulu anati mizimu ya mgodi yakwiya. Tinasonkherana n'kupha nkhuku, ine ndemwe ndinagwira miyendo. Ku komponi, kumene tinkagona, phoso lathu linali ufa wonunkha thumba ndi nyemba zoboola anankafumbwe. Malipiro akabwera ndinkagula nsalu kapena bulangeti n'kupatsira aliyense wobwerera kwathu.

Mnzanga wa pamtima kumeneko anali Yotamu, Mtonga wa ku Chintheche, mlembi wa komponi. Ankavala kolala ngakhale kutenthe chotani, ndipo buluku lake ankaligonera pansi pa mphasa kuti lisakwinyike. Lamlungu masana tinkakhala pa mthunzi wa thanki n'kumakangana za sukulu, nkhani imodzimodzi sabata ndi sabata.

"Iwe Mlomwe," ankatero, "kwathu kumpoto pa zaka khumi ndi zisanu ndinali nditayamba kale jometiri. Inu a kumwera amakuphunzitsani kuimba ndi kuluka mitanga."

"Tatchula mafupa a dzanja lakolo," ndinkamuyankha. "Ife tinawaloweza onse. Iwe umadziwa kolala basi, m'mimba mulibe kanthu."

"Ndiye mafupa akowo akukuthandiza kukankha ngolo?"

Anzathu ena ankalowererapo. Msena wina ankati kwawo analoweza katekisimu wa Chipwitikizi zaka zisanu osamvapo liwu n'limodzi lomwe. Achishona ankati iwo theka la tsiku linkathera pa kuumba njerwa. Pomaliza ine ndi Yotamu ndife tinkatuluka opambana, aliyense atatukula chifuwa. Sitinkadziwa kuti tikulimbirana makoko.

Ngolo itandiphwanya zala ziwiri za kumanzere, ananditulutsa pansi. Yotamu ndiye anandiyankhulira kwa injiniya wa mgodi, amene ankafuna munthu womva Chingerezi woti aziyendetsa ngolo ya abulu yoperekera mwana wake ku sukulu. Mwanayo anali Dorini, wa zaka zisanu ndi ziwiri, msinkhu umodzi ndi Elube wanga. Sukulu inali kutali, kotero ndinkadikira komweko mpaka aweruke. Mthunzi wabwino womangirira abulu unali pansi pa zenera la kalasi yake.

Sabata yoyamba yomweyo ndinatuluka thukuta. Tiana tosatha kudzipukuta mamina tinkaimba matebulo ochulukitsa mpaka thwelofu, zimene ine ndinaphunzira ndili ndi zaka khumi ndi zitatu. Chaka chotsatira Dorini ankagawa manambala aatali, ankajambula mitsinje ya Afirika, Zambezi ndi Shire yemwe. Pa zaka zisanu ndi zinayi anali pa mafulakishoni. Ine mafulakishoni ndinakumana nawo ku Sitandade 4, ndili mnyamata woponyera kale maso atsikana, ndipo anandiliza. Iye ankawachita pa ngolo, akusenda lalanje, n'kumati, "Boyi, tandifunsa iyi, uone ngati ndakhoza." Kunditchula boyi sikunandipweteke kwenikweni, onse ankatero. Chinkandipweteka n'choti ankakhozadi.

Ndisaname, mwanayo sanali woipa mtima, komanso sanali wa nzeru zachilendo. Ankaiwala, ankalira, ankaonera kwa anzake monga ana onse. Koma iye panalibe wobwera kudzamuloza ndi kandodo pakati pa phunziro.

Atafika zaka khumi anayamba Chifalansa, mbiri ya mafumu akwawo, ndi china chimene ankachitcha sayansi. Tsiku lina ndinamva dona wophunzitsa akuitanitsa kandulo ndi botolo la kukamwa kwakukulu. Ndinaimirira n'kusuzumira. Anayatsa kandulo, naivundikira ndi botolo, ndipo moto unafooka pang'onopang'ono mpaka zii. Anati moto umapuma mpweya ngati munthu. Mpweyawo ukatha umafa, ndipo munthu naye akakhala pamenepo amafa. Ndinakumbukira nyali zathu m'ngalande muja, amuna awiri aja, ndi nkhuku imene ndinaigwira miyendo. Ine, mphunzitsi wa setifiketi, ndinayasama pazenera ngati chitsiru. Dona atandiona anakuwa, ndipo kuyambira tsikulo abulu ndinkawamangirira patali. Ineyo ndinkabwererabe kudzakhala m'tsinde mwa khoma.

Lamlungu lake ndinachita za kandulo ndi botolo zija pamaso pa Yotamu.

"Kumpoto kwanu munaziona izi?"

Anayang'ana botolo lija nthawi yaitali. Kenako anamasula kolala.

"Ali ndi zaka zingati mwanayo?"

"Khumi."

"Atinamiza, Mlomwe. Tonse awiri."

Sitinakanganenso za sukulu.

Kukopera ndinali nditayamba kalekale, chaka choyamba chomwecho. Masana ana akapita kosewera, Dorini ankasiya chikwama pa ngolo, ine n'kutulutsa mabuku ake n'kumalemba tsamba ndi tsamba m'makope amene ndinkagula kwa mmwenye. Pachikuto ndinkalemba dzina la Elube ndi msinkhu wa phunzirolo: zaka zisanu ndi ziwiri, zaka zisanu ndi zitatu. Kope likadzaza ndinkalikulunga m'nsalu n'kuuza wonyamula kuti akapereke kwa a Muhiwa, poti kwathu za mwana zimadzera kwa amalume ake, ndipo iwowo akapatse mphunzitsi.

Anandigwirapo kamodzi. Mayi a Dorini anatulukira mwadzidzidzi nandipeza ndili ndi buku la mwana wawo pabondo. Anati ndine wakuba, ndipo ndinaimikidwa pakhonde pamaso pa injiniya. Anatsegula kope langa, nawerenga, naseka mpaka kutsokomola.

"Kamwana ka ku Nyasalande kachita nacho chiyani Chifalansa?"

"Chimene wanu achita nacho, bwana."

Kuseka kunatha. Anandimenya mbama imodzi, koma kope anandiponyera, ati palibe chabedwa, masamu a mwana wake akadali m'buku mwake. Pamenepo ananena zoona. Nanga ngati iwo sasowa kanthu ife tikaphunzira, amatikaniziranji?

Chitachitika cha kandulo chija, Yotamu anayamba kundithandiza. Anali ndi dzanja labwino, ndiye mapu onse a chaka chomaliza anajambula ndiye, ndi inki yofiira ya ku ofesi: mizinda, madoko, ngakhale nkhondo zakale za mafumu a azungu, mivi ikuonetsa kumene asilikali analowera. Makope onse anakwana asanu ndi anayi. Makalata ochokera kwathu ankati katundu talandira, mwana ali bwino, akupita ku sukulu. Ine ndinkamuona m'maganizo ali pakhonde, akugawa manambala aatali.

Chisanu cha chaka chimenecho Yotamu anagwidwa chibayo. Ndinakamuona atatsala mafupa okhaokha, koma pakamwa pali pomwepo. "Mwana wakoyo ukamuuze kuti mapu anajambula ndi Mtonga," anatero, "asamayese kuti Mlomwe angathe mzere wowongoka." Tinamuika kuseri kwa mulu wa miyala ya mgodi, atavala kolala yake. Posakhalitsa Dorini anamutumiza ku sukulu yogonera ku tauni, ngolo inaima, ine n'kumanga katundu.

Ndinabwera pa lole mpaka ku Limbe, n'kufika kuno mvula ili pakati. Tiyi anali atakwera mapiri amene ndinawasiya ali nkhalango. Mayi anga ndinapeza manda. Mkazi wanga anandilandira mwaulemu ngati mlendo wa ku tchalitchi. A Muhiwa anali ndi njinga ndi jekete la kaki, atakwezedwa kukhala kapitawo wamkulu. Elube kunyumba kunalibe. Ndinakamupeza pa sikelo yoyezera tiyi, pa mzere wa amayi, ali ndi dengu kumsana lalikulu kuposa iye, miyendo ili matope okhaokha. Atamuuza kuti awa ndi bambo ako, anagwada patali nati, "Mwafika bwino, alendo?"

Lamlungu ndinamupatsa sileti. Ndinalembapo samu ya m'kope loyamba, imene Dorini ankachita ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Anaiyang'ana, nandiyang'ana, nayamba kukanda pansi ndi chala.

"Uli kalasi yanji?"

"Kalasi 2."

"Chaka chatha unali yanji?"

"Yomweyo. Ndi chaka chinacho."

"Ndiye kuti ukulephera?"

"Ayi. Mvula ikagwa sukulu amatseka, timapita kumunda. Tikabwerera timapeza kwabwera ana atsopano, ndiye aphunzitsi amayambiranso pa a, e, i, o, u."

"Nanga makope ndinkatumiza aja?"

"Makope ati?"

Ndinatembenukira mayi ake. Anayang'ana pansi. "Bambo a Elube, kafunseni achimwene. Ine ndinkangoona nsalu."

A Muhiwa sanakane. Anatenga khasu nanditsogolera ku nthochi za kuseri kwa khola, akucheukacheuka ngati tikukafukula mankhwala. Anakumba mpaka anatulutsa mtsuko womata kukamwa ndi dothi. M'katimo munali makope anga onse asanu ndi anayi. Atatu chiswe chinali chitalowa, enawo atachita nkhungu.

"Alamu," anatero monong'ona, "inu mumafuna kutiphetsa? Oyamba aja ndinawasunga m'denga. Ndinati Chingerezi chochuluka chonchi, chochokera ku Halale, ndidikire mwini wake. Koma atabwera ofiirawa, ndinatenga khasu." Anatsegula pa mapu a Yotamu, naloza mivi ija. "Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma nkhondo ndimaidziwa ndikaiona. Apa ndi pa Boma, apa asilikali akulowera. Kuyambira nkhondo ija ya ku Chiradzulu, apolisi amasecha aliyense wokhala ndi mapepala a kunja. Akanawapeza m'nyumba mwanga, mbumba yonseyi ikanagona kuti?"

"Amenewo ndi mafumu a ku Ulaya amene anafa agogo a agogo anu asanabadwe! Ndi phunziro la mwana wa zaka khumi!"

"Mwana wa zaka khumi aphunzire nkhondo? Alamu, musandione kupusa."

Zimene ndinanena pamenepo sindingazilembe. Ndinayamba m'Chinyanja, ndinamaliza m'Chilomwe, ndipo anthu anatuluka m'nyumba mpaka kutsidya kwa khwawa.

M'mawa mwake, ataweruka kumunda, mbumba yonse inakhala pansi pa mtengo wa mango kuti indiweruze. Za kutukwana ndinapepesa, za makope ayi. Ndinati Elube ndikumuchotsa kumunda, akayambe ku mishoni, kumene sukulu satseka chifukwa cha mvula.

A Muhiwa anayankhula mofatsa, ndipo n'chimene chinandipsetsa mtima kwambiri. "Alamu, munabereka, tikuthokoza. Koma mwana ndi wa pano. Inu mukakwiya mumakoleka nsapato m'khosi n'kupita ku Halale, ife timatsala. Lamulo la malo ano mukulidziwa: nyengo ya tiyi nyumba iliyonse ipereke anthu awiri. Pa nyumba ya mlongo wanga analembedwa iye ndi Elube. Ndikachotsa dzina limodzi, bwana andifunsa. Ndikati wapita ku sukulu, nyumba imeneyo aisasula denga mwezi usanathe. Ndaziona kwa ena, ndipo wonyamula uthengawo ndimakhala ine."

"Chotsani Elube, mulembe ine."

"Dzina lanu analiletsa m'buku kuyambira tsiku la sileti lija."

Amayi onse anavomereza ndi mitu. Panalibe ndi mmodzi yemwe wa mbali yanga, ndipo chowawa n'choti a Muhiwa sankanama.

Ndinavala nsapato n'kupita ku ofesi. Bwana anali yemwe uja, atangonenepa. Ndinamuyankhula m'Chingerezi, iye n'kumandiyankha m'Chinyanja chake chopindika. Anati ntchito yanga palibe, ndipo sukulu ya pa esiteti imaphunzitsa zokwanira munthu wothyola tiyi: kulemba dzina, kuwerenga sikelo, ndi kumvera. Ndinamufunsa ngati mwana wake naye amabwereza Kalasi 2 katatu. Ndinamuuza zimene mwana wa mzungu amaphunzira chaka ndi chaka, kuyambira matebulo mpaka Chifalansa, osadumpha n'chimodzi chomwe. Anafiira makutu naitana mlonda. Ndinatuluka ndekha asanandigwire.

Munthu amene sindinamufunse pa zonsezi anali Elube mwini wake. Pobwera ku ofesiko ndinamupeza atakhala pa mtondo, makope aja atawayanika padzuwa ngati makaka a chinangwa. Limodzi anali atagwira m'manja, akutsatira zilembo za pachikuto ndi chala.

"Ili ndi dzina langa?"

"Ndi lako. Onsewo ndi ako."

"Amalume akuti muli nkhondo m'menemu."

"Muli masamu."

Nditamuuza kuti ndinawakopera m'mabuku a mwana wa mzungu, anafunsa: "Mwana wa mzunguyo, mutu wake ndi wotani?"

"Ngati wakowu. Nsabwe zokha ndiye n'zochepa."

Anaseka, koyamba chibwerere changa, nabisa pakamwa ndi dzanja. Kenako nkhope inagwanso.

"Ku mishoni akandikhazika ndi tiana. Anzanga ena avinidwa kale, azikandiseka."

"Azikakuseka, inde. Ine sindikunamiza. Ukakhala wamtali kuposa onse, ndipo mwana wa mzunguyo sumupeza chaka chino kapena chamawa. Koma ukatsala pano, chaka chamawa ndi a, e, i, o, u."

"Kupita ndikufuna, bambo," anatero. "Koma dengu langa asenza ndani? Amalume akaitana dzina langa popanda woyankha, amayi awagwetsera nyumba."

Mwana wa Kalasi 2 anaona chimene ine wa setifiketi sindinachione. Bwana nkhope za othyola tiyi sazidziwa, ndipo safuna kuzidziwa. Amafuna dzina liyankhe, dengu lidzaze.

Ku mishoni anamuyesa n'kumuika Kalasi 3, pakati pa ana omufika m'chiuno. Analira sabata ziwiri, koma sanajombe. Lero, patapita nyengo zinayi za mvula, ali Sitandade 2, ndipo kunyumba, ndi makope amene chiswe chinasiya, ndamufikitsa pa mafulakishoni. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu. Dorini anadutsa pamenepo ali ndi zisanu ndi zinayi. Zaka za pakatipo alipo amene anamubera mwana wanga, ndipo sindinakhululuke. Abusa anene zimene anganene.

Koma ndinene za m'mawa umene anayamba. Ndinamuperekeza mpaka pa mphambano, ndinabwerera, n'kutenga dengu lake, n'kukaima pa mzere wa amayi kumunda wa kumtunda. Kunali nkhungu ndi kamvula kowaza. Zingwe za dengulo zinali za mwana, zinandikola m'khwapa. A Muhiwa anafika ndi buku lawo nayamba kuitana mayina, maso ali pa pepala.

"Elube!"

"Ndilipo!"

Mzere wonse unatembenuka. Mayi wina wa kwa Changata anaika manja pamutu. "Mayo ine! Elube wamera ndevu!"

"Koma mwana ameneyu wakula msanga, anthuni. Wavinidwa liti?"

"Aphunzitsi, dengu limenelo silimva Chingerezitu!"

Amayi ake a Elube anabisa nkhope m'nsalu, mapewa akugwedezeka. Sindinadziwe ngati akulira kapena akuseka.

A Muhiwa anayenda mpaka pamene ndinaima. Anayang'ana kumsewu kumene bwana amadzera ndi kavalo, nandiyang'ana ine, nayang'ana buku. Pensulo inakhala m'mwamba nthawi yaitali.

"Alamu," anatero chapansipansi, "akadziwa, jekete ili lapita. Ndi nyumba yomwe."

"Akadziwa, ndidzayankha ndine. Inu ingoitanani dzina."

"Ndipo mpaka liti?"

"Mpaka Sitandade 6."

Anapumira m'mwamba. Kenako ananyowetsa pensulo ndi lilime, nachonga, nakweza mawu kuti mzere wonse umve.

"Elube! Masamba awiri ndi kansonga. Ukandibweretsera masamba okalamba, ndikukhuthulira pansi."

"Ndamva, amalume," ndinatero, n'kulowa m'tiyi.